Kodi kagalu kakufunanji pa mkeka wa yoga?

Ana inu, tamvani izi. Kuli anthu pa dziko lino amene amalipira ndalama kuti kagalu kawapondeponde pamsana, kawakoke tsitsi ndi kuwanyambita m'khutu. Akamachoka pamenepo amakhala akusekerera, ena mpaka kufunsa kuti abwerenso liti. Masewera ake ndi yoga ya tiagalu. Afika kale m'mizinda ikuluikulu monga London, New York ndi Dubai, ndipo ku Dubai alendo ena odzaona malo amawaika pa mndandanda wa zochita zawo, pamodzi ndi kukwera ngamila ndi kukaona Burj Khalifa, nyumba yaitali kuposa zonse padziko lapansi, ya mamita 828.

Tiyeni tipite komweko tikadzionere tokha.

Mudzi wa masewera pakati pa mchenga

Mwina ena mwa inu muli ndi azakhali kapena amalume amene amapita ku Dubai kukaoda katundu. Afunseni, akuuzani kuti akakwera ndege pa Kamuzu kapena pa Chileka amayamba atera ku Addis Ababa, ku Nairobi kapena ku Johannesburg, kenako n'kukwera ina. Akafika amasintha wotchi, chifukwa Dubai ili patsogolo pathu ndi maola awiri. Inu mukamalowa m'kalasi 7 koloko m'mawa, kumeneko imakhala itakwana kale 9 koloko. Dziko lake ndi United Arab Emirates, ndipo mbali yaikulu ya dzikoli ndi chipululu.

Chakunja kwa mzindawo, m'mbali mwa msewu waukulu wa Sheikh Mohammed bin Zayed, kuli dera lotchedwa Dubai Sports City. Analimanga pa mchenga ndi cholinga chimodzi: kuti anthu azikhala pafupi ndi mabwalo a masewera. Bwalo lotchuka kwambiri kumeneko ndi la kiriketi, Dubai International Stadium, lomwe linatsegulidwa mu 2009 ndipo mumalowa anthu 25,000. Magetsi ake sali pa mitengo yaitali ya m'makona. Anawazunguliza m'mphepete mwa denga, oposa 350, ndipo usiku amaoneka mkombero umodzi wowala umene anaupatsa dzina loti Ring of Fire. Anatero kuti zithunzithunzi za osewera zisamasokoneze maso mpira ukauluka. Pa bwalo limeneli, mu Novembala 2021, Australia inagonjetsa New Zealand pa ndime yomaliza ya chikho cha dziko lonse cha T20. Mu Okutobala 2024 atsikana a New Zealand anatengerapo chikho cha amayi atagonjetsa South Africa. Chapafupi pomwepo pali likulu la ICC, bungwe loyendetsa kiriketi padziko lonse, ndipo Malawi ndi membala wa bungweli. Palinso bwalo la gofu la The Els Club, limene anakonza mapulani ake ndi Ernie Els, katswiri wa gofu wa ku South Africa.

Mwana wochenjera afunsa kuti, "Nanga kapinga wobiriwira uja amamera bwanji m'chipululu?" Funso labwino. Dziko lonse la United Arab Emirates lilibe mtsinje woyenda chaka chonse. Madzi akumwa ambiri amachokera m'nyanja yamchere, ndipo amayamba achotsedwa mchere m'mafakitale akuluakulu. Kapinga ndi maluwa ambiri a mumzindawo amathiriridwa ndi madzi amene anagwira kale ntchito m'nyumba, atayeretsedwa. Choncho kapinga aliyense amene muona ku Dubai dziwani kuti pali paipi imene ikumusunga ndi moyo.

M'derali mulinso nyumba zokhalamo anthu, zosanjikizana ndi zapansi, ndipo ena mwa anthuwo ali ndi agalu. Pali kapinga, pali okonda masewera, pali agalu. Zonse zofunika pa nkhani yathu zakwana.

Nanga yoga n'chiyani?

Yoga inayambira ku India kalekale. Munthu amadziwongola pang'onopang'ono, amaima kapena kukhala mwa njira ina yake osagwedezeka, kwinaku akupuma modekha. Kwa ena ku India ndi mbali ya chipembedzo chawo. Kwa anthu ambiri m'maiko ena ndi masewera olimbitsa thupi ndi kukhazika mtima pansi basi. Mu Disembala 2014 bungwe la United Nations linasankha 21 Juni kukhala tsiku lokumbukira yoga chaka chilichonse. Ku Dubai kumakhala Amwenye ambiri, choncho yoga si yachilendo kumeneko.

Choseketsa n'chakuti galu analowa kale mu yoga asanaitanidwe. Mawa m'mawa mudzamuyang'ane galu wa pakhomo panu akamadzuka. Amatambasulira miyendo yakutsogolo kutali, chifuwa pansi, mbuyo m'mwamba, n'kuyasamula. Kaimidwe kena kotchuka kwambiri mu yoga kanatengera pomwepo, ndipo kamatchedwa galu woyang'ana pansi.

Agalu enieni anabwera pa mkeka posachedwapa. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, mphunzitsi wina wa yoga wa ku America, mayi Suzi Teitelman, anayamba kuphunzitsa anthu kuchita yoga pamodzi ndi agalu awo. Mu 2016 mayi wina wa ku Oregon, Lainey Morse, anayambitsa yoga ya mbuzi pa famu yake. Inde, mbuzi, zomwezi timathamangitsa m'dimba. Zithunzi zitayamba kuzungulira pa Instagram ndi TikTok, anthu anaona kuti palibe chokopa maso kuposa kagalu ka miyezi iwiri, ndipo malonda a yoga ya tiagalu anakula.

Tiyerekeze kuti tafika

Ndi Loweruka m'mawa mu Januwale. Dzuwa langotuluka kumene, kamphepo kayaziyazi kakuwomba. Pa kapinga atchingapo kampanda kafupi, ndipo mkati mwake mwayalidwa timikeka ta labala mozungulira. Musanalowe mukuuzidwa kuti muvule nsapato ndi kusamba m'manja. Ndolo ndi mikanda zisungeni m'chikwama, tsitsi lalitali limangeni.

Zovula nsapatozi zili ndi chifukwa. Pali matenda ena oopsa a agalu otchedwa parvo, amene amachititsa kagalu kusanza ndi kutsegula m'mimba mpaka kufa. Kachilombo kake kamakhala m'dothi miyezi yambiri, ndipo munthu angathe kukanyamula kunsi kwa nsapato osadziwa. Kagalu kamene sikanamalize katemera kalibe chitetezo chokwanira.

Mphunzitsi akuyamba ndi mawu apansipansi: "Khalani bwino. Tsinzinani. Kokani mpweya pang'onopang'ono." Aliyense wachita zii. Kenako chitseko cha kampanda chatseguka, ndipo tiagalu talowa piringupiringu. Kena kalunjika pa chala cha kuphazi cha bambo wina. Kena kagwira ngodya ya mkeka ndi mano, kakukoka ndi mphamvu zake zonse. Kena kalowa pansi pa mimba ya mayi amene waima pa kaimidwe ka galu woyang'ana pansi, ndipo kagona pomwepo, moti mayiwo akulephera kutsika. Mphunzitsi akuti, "Tulutsani mpweya," koma anthu akutulutsa phwete. Pasanapite nthawi pali kachithaphwi pa mkeka wa winawake, ndipo wothandizira akuthamanga ndi kansalu.

Kawirikawiri zonsezi zimatenga pafupifupi ola limodzi, gawo lina kudziwongola, gawo lina kusewera ndi kujambula zithunzi. Kunena zoona, yoga yeniyeni imakhala yochepa. Munthu wofuna kuphunzira yoga bwinobwino apite kumene kulibe tiagalu.

Bwanji m'mawa, bwanji Januwale?

Amene munakhalako ku Nsanje kapena ku Chikwawa mwezi wa Okutobala mukudziwa dzuwa loswa mtengo. Ku Dubai kumatentha choncho kuyambira Juni mpaka Sepitembala, masana kupitirira madigiri 40, ndipo chinyezi cha kunyanja chimachititsa kuti thukuta lisaume. Kumatentha moti boma limaletsa kugwiritsa anthu ntchito padzuwa kuyambira 12:30 mpaka 3 koloko masana, kuchokera pa 15 Juni kufika pa 15 Sepitembala. Masewera apanja amadikira miyezi yozizira, kuyambira cha mu Novembala mpaka Malichi. Ndiyo nthawinso imene alendo amachuluka. Ngakhale mwezi wolimbitsa thupi wa mzindawo, Dubai Fitness Challenge, umene Sheikh Hamdan bin Mohammed anayambitsa mu 2017 kuti aliyense azichita masewera mphindi 30 kwa masiku 30, umachitika kutentha kukayamba kuchepa.

Ngati dzuwa limavuta munthu, kagalu ndiye kamavutika koposa. Inu mukatenthedwa mumatuluka thukuta thupi lonse, ndipo likamauma limakuziziritsani. Galu amatuluka thukuta lochepa kwambiri, makamaka kumapazi. Njira yake yaikulu yodziziziritsira ndi kupuma wefuwefu, lilime lili panja. Komanso kagalu n'kafupi, mimba yake ili pafupi ndi nthaka yotentha, ndipo kalibe nsapato. Nayi njira imene eni agalu amayesera: ikani kuseri kwa dzanja lanu pa simenti kapena pa phula, muwerenge mpaka 7. Mukalephera kupirira, galunso sangayendepo. Yesani pa khonde panu masana ano.

N'chifukwa chiyani anthu amatuluka akusekerera?

Asayansi anafufuzapo. Mu 2015, ofufuza a ku yunivesite ya Azabu ku Japan anapeza kuti galu ndi mbuye wake akayang'anizana m'maso kwa kanthawi, m'matupi mwa onse awiri mumachuluka kamadzi kena kotchedwa oxytocin. Kamadzi komweka ndi kamene kamathandiza mayi ndi khanda lake kukondana. Mu 2019, ofufuza a ku Washington State University ku America anapatsa ophunzira mphindi 10 zosisita agalu ndi amphaka. Atayeza malovu awo anapeza kuti cortisol, kamadzi kamene kamachuluka munthu akakhala ndi nkhawa, kachepa.

Tsono taganizani bwino. Ku Japan kuja anayeza agalu ndi anthu odziwana kale. Ku America kuja malovu amene anayeza anali a ophunzira. Munthu wagula tikiti, wasangalala, wajambula zithunzi, wapita kuhotela. Kagalu sikanagule tikiti, ndipo palibe anakafunsa ngati kakufuna kubwera.

Mbali ya kagalu

Kagalu kamabadwa kosaona ndi kosamva. Maso amatseguka pakatha pafupifupi milungu iwiri. Kamayenera kukhala ndi mayi wake ndi abale ake mpaka milungu 8, chifukwa ndi komwe kamaphunzira mwambo wa agalu. Kakaluma mbale wake mopweteka, mbaleyo amalira n'kusiya kusewera, ndipo kamadziwa kuti mano ali ndi malire. Chachikulu china ndi tulo. Kagalu kamafunika kugona maola 18 mpaka 20 pa tsiku. Werengani nokha: pa maola 24 kamatsala ndi anayi mpaka asanu ndi limodzi odyera, kusewera ndi kuphunzira. Ndiye wamalonda akakonza makalasi anayi motsatizana tsiku limodzi, ndi tiagalu tomwetomweto, tigona nthawi yanji?

Mu 2023 atolankhani a ITV ku Britain analowa m'makalasi ena mobisa ndi kamera. Anapeza tiagalu tosakwana milungu 8 tikugwira ntchito, tikudzutsidwa kutulo kuti anthu atinyamule, ndipo m'malo ena tikumanidwa madzi kuti tisakodzere mikeka. Bungwe loteteza nyama la RSPCA linadzudzula kwambiri. Mu Epulo 2024, unduna wa zaumoyo ku Italy unaletsa kugwiritsa ntchito tiagalu pa yoga, n'kunena kuti agalu akuluakulu okha ndiwo aloledwe. Ine ndikuona kuti a ku Italy anaganiza bwino. Galu wamkulu wozolowera anthu amadziwa kudzuka n'kuchokapo akatopa. Kagalu sikadziwa, ndipo kakathawa kamangonyamulidwa n'kubwezedwa pakati.

Sikuti zonse n'zoipa ayi. Pakati pa milungu 3 ndi 12, kagalu kamaphunzira mosavuta kuti anthu si adani. Kakakumana ndi anthu ofatsa, aatali ndi aafupi, ovala zipewa ndi ovala magalasi, kamakula kopanda mantha, ndipo galu wopanda mantha salumaluma. Palinso malo osungira agalu otayidwa amene amagwiritsa ntchito makalasi otere kuti agaluwo apeze makomo atsopano. Ku Dubai vuto la agalu otayidwa lilipo ndithu, chifukwa anthu ambiri okhala kumeneko ndi obwera, ndipo ntchito ikatha ena amakwera ndege n'kusiya galu. Mabungwe monga K9 Friends amasamala agalu oterewa ndi kuwapezera mabanja.

Ndiye kusiyana kwake kuli pa zinthu zooneka ndi maso. Mukadzapita ndi makolo anu ku kalasi yotere, ku Dubai kapena kwina kulikonse, musadzachite manyazi kufunsa: "Pepani aphunzitsi, tiagaluti tili ndi milungu ingati? Tachokera kuti, ndipo tikachoka pano tipita kuti? Tabayidwa katemera?" Kenako yang'anani nokha ngati pali mbale ya madzi, ngati pali mthunzi, ndiponso ngati pali kangodya komwe kagalu kotopa kangagone popanda woti akadzutse. Mphunzitsi wabwino amasangalala ndi mafunso amenewa.

Kumva chilankhulo cha galu

Akuluakulu amati galu wamkota sakandira pachabe. Ngakhale kagalu sikachita kanthu pachabe. Kakamayasamula pamene sikali ndi tulo, kakamanyambita mphuno mobwerezabwereza, kakamatembenuzira mutu kumbali, kakapinda mchira pakati pa miyendo kapena kubisala kuseri kwa chikwama, kakunena kuti, "Ndisiyeni kaye." Kugwedeza mchira nakonso sikutanthauza chimwemwe nthawi zonse. Yang'anani thupi lonse. Galu wosangalala amakhala wofewa, thupi lonse likugwedezeka. Galu wamantha amauma gwa.

Pali kamasewera kena kothandiza. Khalani pansi, mulole kagalu kabwere kokha kadzakununkhizeni. Kasisiteni pachifuwa kapena paphewa mukuwerenga mpaka 3, kenako chotsani dzanja. Kakasendera kwa inu, kakufuna zina. Kakachoka, yankho mwalilandira. Osakathamangitsa, osakakumbatira mothina, osakanyamulira m'mwamba kuti chithunzi chikongole, ndipo kogona osakadzutsa.

Ku Dubai galu ali ndi malamulo ake. Amayenera kulembetsedwa, kubayidwa katemera ndi kuikidwa kachipangizo kakang'ono pansi pa khungu komwe kamasunga nambala yake, ndipo poyenda pagulu amakhala pa chingwe. M'mapaki ndi m'magombe ambiri saloledwa n'komwe. Mabanja ambiri achisilamu sasunga galu m'nyumba, monganso ambiri kuno kwathu, choncho mlendo waulemu sayandikizitsa galu kwa munthu amene sanamufune. Koma musaganize kuti Aluya sadziwa agalu. Ali ndi galu wawo wakalekale wotchedwa saluki, wowonda, wa miyendo yaitali, amene anthu a m'chipululu ankasakira akalulu ndi agwape. Amathamanga kupitirira makilomita 60 pa ola, ndipo mpaka lero kumachitika mipikisano ya liwiro la agalu amenewa. Ameneyo pa mkeka wa yoga sangakhalitsepo.

Nanga kuno kwathu?

Galu wa kwathu ali ndi ntchito: kulondera pakhomo, kuthamangitsa anyani m'munda, kuperekeza alenje. Malipiro ake ndi mkute ndi mafupa, ndipo mawu amene amamva kawirikawiri ndi "Choka!" kapena "Gwira!" Agogo anu atamva kuti kuli anthu olipira ndalama kuti agone pansi ndi tiagalu, angagwire pakamwa.

Musanayambe kutsanzira za ku Dubai, pali nkhani imodzi yosaseketsa: chiwewe. Matendawa alipo m'Malawi, amafala galu wodwala akaluma munthu, ndipo ambiri olumidwa ndi ana. Zizindikiro zikangoyamba kuoneka, munthu sachira. Ngakhale kagalu kakang'ono kokongola kangathe kukhala ndi chiwewe. Choncho galu amene simukumudziwa musamugwire, kaya ndi wam'msewu kaya ndi tiagalu timene anyamata amagulitsa m'mbali mwa misewu ya m'tauni, tomwe nthawi zambiri timakhala titachotsedwa kwa mayi tisanakhwime. Galu akakulumani kapena kukukandani, tsukani bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, uzani munthu wamkulu, ndipo pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Musabise poopa kukalipidwa.

Chiwewe chimapeweka ndi katemera. Akatswiri amati agalu 70 mwa 100 aliwonse a m'dera akabayidwa, matendawa amasowa poyenda. Bungwe la Mission Rabies lakhala likubaya agalu ku Blantyre kuyambira 2015, ndipo ku Lilongwe kuli bungwe la LSPCA lomwe limasamala za umoyo wa ziweto. Tsiku lokumbukira kulimbana ndi chiwewe padziko lonse ndi 28 Sepitembala. Mukamva kuti a vetenale abwera kudzabaya agalu m'dera lanu, akumbutseni abambo kapena amayi, ndipo khadi la katemera lisungidwe bwino.

Ngati galu wa pakhomo panu anabayidwa ndipo mumadziwana bwino, yesani izi m'mawa kusanatenthe, wamkulu ali pafupi. Yalani mphasa pamthunzi. Gwadani, manja pansi, zala zotambasuka. Kenako nyamulani mawondo, mbuyo ipite m'mwamba, mutu ulendewere pakati pa mikono. Miyendo ikakana kuwongoka, ipindeni pang'ono, palibe amene akupatseni malikisi. Kokani mpweya ndi mphuno pang'onopang'ono, muutulutse, mpaka kasanu. Galu musamuitane, muone chimene achite yekha. Wina abwera kudzanunkhiza nkhope yanu yozondokayo. Wina akhala patali, mutu atapendeketsa, kudabwa kuti mwana wa pakhomo pano walowa chiyani lero. Wina ayasamula n'kupita kukagona pansi pa nkhokwe, ndipo ameneyo musiyeni apite, inu mupitirize kuwerenga mpweya wanu.